Kuyeza Kukula kwa Vuto la Khalidwe mwa Mayankho a Mwiniwake: Mbiri Yake ndi Tanthauzo Lake pa Chichewa cha ku Vubwi, Katete ndi Sinda

1.0 Chiyambi

Pa 1 Januwale 2022 bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la World Health Organization linayamba kugwiritsa ntchito mndandanda wake watsopano wa matenda wotchedwa ICD-11. Mwa zinthu zambiri zimene mndandandawu unasintha muli chimodzi chimene chikutikhudza ife ofufuza ndi aphunzitsi a zilankhulo, ngakhale kuti sindife madotolo. Kale dotolo akakumana ndi munthu amene khalidwe lake limamusautsa iye mwini pamodzi ndi anthu okhala naye, ankafunsa kuti munthuyo ndi wa mtundu uti mwa mitundu yolembedwa m'buku. Tsopano funso loyamba ndi lakuti vutolo lakula motani: kodi ndi lochepa, lapakati kapena lalikulu? Njira yachangu ndi yosadya ndalama zambiri yoyankhira funsoli ndi pepala la mafunso amene munthu amadziyankhira yekha, ndipo pepala lotere likafika pa chipatala cha kumudzi liyenera kulankhula chilankhulo cha wodwalayo.

Cholinga cha nkhani ino ndi kulondoloza mbiri ya muyeso umenewu kuchokera kumene unabadwira kufikira pamene unayandikira dera la Achewa a m'chigawo cha Kum'mawa m'dziko la Zambia. Tikuganizira makamaka boma la Vubwi, dera la Mfumu Pembamoyo, limene linapatulidwa ku Chadiza m'chaka cha 2012 ndipo lili m'malire a Malawi ndi Mozambique, komanso maboma a Katete ndi Sinda. Mfundo yathu ndi yakuti madotolo, atayenda ulendo wa zaka zoposa 200, afika pa muyeso wofanana ndi umene Achewa akhala nawo kuyambira kale, woyeza munthu poona mmene amakhalira ndi anzake. Komabe chida chimene madotolowo asankha chimapempha mwiniwake kuti akhale mboni ya khalidwe lake, ntchito imene Chichewa chimaipereka kwa anthu ena. Womasulira amene sadzaona kusiyana kumeneku adzatulutsa manambala onama, ndipo manambalawo adzalembedwa pa dzina la munthu wamoyo.

2.0 Tanthauzo la mawu

Chimene madotolo amachitcha personality disorder pa Chingerezi tichitcha pano vuto la khalidwe lokhazikika. Malinga ndi ICD-11, ili ndi vuto la mmene munthu amadzionera ndi kudziwongolera yekha, ndiponso mmene amakhalira ndi anthu ena, lomwe lakhalapo zaka ziwiri kapena kuposerapo, limaonekera m'mbali zambiri za moyo wake, ndipo silingafotokozedwe ndi msinkhu wake kapena mwambo wa kwawo. Vutoli lisasokonezedwe ndi misala. Wamisala amene mwambi umati anaona nkhondo ndi munthu amene wataya zenizeni, pamene munthu wa vuto la khalidwe amalima, amagulitsa ku msika ndipo amadziwa tsiku ndi malo, koma ukwati, ubale ndi ntchito zimamuthera m'manja mobwerezabwereza.

Tapewa dala mawu akuti chikhalidwe chifukwa masiku ano amatanthauzanso miyambo ya mtundu wa anthu. Mawu akuti chibadwa amatseka khomo la chithandizo, pakuti chibadwa sichisinthika. Mawu akuti mtima ndi otambalala koposa, popeza amanyamula maganizo, chifuniro ndi chifundo pamodzi. Mawu akuti khalidwe, ochokera ku mneni kukhala, ndiwo oyandikira kwambiri, ngakhale kuti ali ndi chiweruzo mkati mwake: tikati munthu alibe khalidwe timakhala tamudzudzula kale.

3.0 Kubadwa kwa mitundu ndi kwa mafunso

M'chaka cha 1801 dotolo wa ku France, Philippe Pinel, analemba za anthu aukali woopsa amene nzeru zawo zinali zosasokonekera. M'chaka cha 1835 James Cowles Prichard wa ku Bristol anatcha mkhalidwe wotere moral insanity, kutanthauza misala ya mtima yosakhudza luntha. M'chaka cha 1923 Kurt Schneider wa ku Germany anagawa anthu otere m'mitundu khumi, ndipo anati ndi anthu amene amavutika ndi mmene alili kapena amavutitsa nako anthu ena. Tanthauzo limeneli likuonetsa kuti kuyambira pachiyambi vutoli linali ndi mboni ziwiri, wovutika ndi ovutitsidwa.

Pepala la mafunso linabwera ndi nkhondo. Dziko la United States litalowa m'nkhondo yoyamba ya dziko lonse m'chaka cha 1917, Robert Woodworth anayamba kukonza mafunso 116 oyankha kuti inde kapena ayi, n'cholinga chopeza asilikali amene akanasweka mtima kunkhondo. Madotolo anali ochepa ndipo asilikali anali zikwizikwi, motero pepala linalowa m'malo mwa kucheza ndi dotolo. M'chaka cha 1943 Starke Hathaway ndi J. C. McKinley a pa yunivesite ya Minnesota anatulutsa mafunso oposa 500 otchedwa MMPI, ndipo mkati mwake anaikamo mafunso ena ogwirira munthu wodziyeretsa kapena wokokomeza matenda. Izi zikusonyeza kuti okonza mafunso anadziwa msanga kuti munthu sanena zonse za iye mwini, ngakhale atafunsidwa m'chilankhulo chake ndi anthu a mtundu wake.

Buku la madotolo a ku America la DSM-III la 1980 linapatsa mavuto a khalidwe gawo lawolawo, ndipo DSM-IV la 1994 linatchula mitundu khumi. Njira ya mitunduyi inavuta m'zipatala. Wodwala mmodzi ankakwanira m'mitundu itatu kapena inayi nthawi imodzi, ena sankakwanira mu uliwonse, ndipo dzina la mtundu silinkamuuza dotolo kuti ndani amene afunika chithandizo mwamsanga.

4.0 Khalidwe la Mwafirika m'maso mwa atsamunda

Pamene izi zinkachitika ku Ulaya ndi ku America, kuno kwathu wodwala sankafunsidwa n'komwe. Ku Zomba malo osungirako amisala anatsegulidwa m'chaka cha 1910 monga nthambi ya ndende, ndipo chipatala chenicheni cha matenda a maganizo chinadza m'chaka cha 1953. Wolemba mbiri Megan Vaughan, m'nkhani yake ya 1983 yonena za malo a ku Zombawa, anaonetsa kuti atsamunda ankada nkhawa makamaka ndi Mwafirika wophunzira amene ankamuona ngati wataya mwambo wake. Dziko la Northern Rhodesia linalibe chipatala chakechake cha matendawa kufikira pamene Chainama Hills inatsegulidwa ku Lusaka m'chaka cha 1962. Isanafike nthawiyo, odwala ena ankatumizidwa ku Ingutsheni ku Bulawayo, kumene kunatsegulidwa m'chaka cha 1908, kutali ndi abale ndi chilankhulo chawo.

Lamulo la matenda a maganizo la Northern Rhodesia la 1949 linagawa odwala m'magulu asanu ndi limodzi. Gulu lomaliza linali la moral imbecile, munthu amene kuyambira ubwana ali ndi chilema cha m'maganizo pamodzi ndi mtima wochita zoipa umene chilango sichiusintha. Mawuwa anatengedwa ku lamulo la ku England la 1913, ndipo ndiwo kholo la vuto limene tikukambali m'malamulo a Zambia. Anakhalabe m'buku la malamulo zaka zoposa 50 dziko litalandira ufulu. M'chaka cha 2017, pa mlandu wa Mwewa ndi anzake, Bwalo Lalikulu la ku Lusaka linagamula kuti ndime yokhala ndi mayina onyozawa ikutsutsana ndi malamulo aakulu a dziko, ndipo m'chaka cha 2019 nyumba ya malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la Mental Health Act.

Amene anafika patali ndi maganizo a atsamunda anali J. C. Carothers, woyang'anira chipatala cha Mathari ku Nairobi kuyambira 1938 mpaka 1950. M'nkhani yake ya 1951 iye anafanizira maganizo a Mwafirika wabwinobwino ndi a Mzungu wa khalidwe losokonekera, ndipo m'chaka cha 1953 World Health Organization inasindikiza buku lake lakuti The African Mind in Health and Disease. Dotolo wa ku Nigeria, Thomas Adeoye Lambo, amene mu 1954 anayambitsa njira yochiritsira odwala m'midzi ya ku Aro akukhala ndi abale awo, anatsutsa zolembazi mwamphamvu. Phunziro la nthawi imeneyi ndi lakuti muyeso wopangidwira mtundu umodzi wa anthu, ukaikidwa pa mtundu wina popanda kufunsa eni ake, ukhoza kusandutsa mtundu wonse kukhala wodwala.

5.0 Zimene Katete inaphunzitsa ofufuza

Ofufuza awiri amene anagwira ntchito pakati pa Achewa a Kum'mawa anatisiyira zinthu zofunika pa nkhaniyi, ngakhale kuti sankafufuza za matenda. Woyamba ndi Max Marwick, amene anakhala m'midzi ya Achewa m'zaka za 1946 ndi 1947, nabwereranso mu 1952 ndi 1953. M'buku lake la 1965 lakuti Sorcery in its Social Setting iye anaonetsa kuti kunenezana ufiti kunkatsata mikangano ya pakati pa anthu a mbumba imodzi. Kwa ife tanthauzo lake ndi lakuti mawu ofotokoza khalidwe la munthu, monga wanjiru, wodzipatula kapena wouma mtima, si mawu wamba m'mudzi. Akhoza kukhala chiyambi cha mlandu.

Wachiwiri ndi Robert Serpell wa pa University of Zambia, amene anayamba kafukufuku m'midzi ya m'boma la Katete m'chaka cha 1973. M'malo mofika ndi mayeso okonzedwa kale, iye ndi anzake anafunsa akuluakulu a m'midzi kuti pa ana amene amawadziwa, ndi uti amene angamutume ntchito yakutiyakuti, ndipo n'chifukwa chiyani. Pa mayankhowo anapeza kuti nzelu, monga mawuwa amalembedwera ku Zambia, ili ndi nthambi ziwiri: kuchenjela ndi kutumikila, ndipo kutumikila kumayenda ndi kumvela ndi kukhulupilika. Kuchenjera kopanda kukhulupirika akuluakuluwo sankakuwerenga ngati nzeru zenizeni. Anapezanso kuti zotsatira za mayeso amene anawo anapatsidwa sizinkagwirizana ndi mmene akuluakulu ankawaonera. Zimenezi zinalongosoledwa mokwanira m'buku lake la 1993 lakuti The Significance of Schooling.

Ntchito ya Serpell inaonetsa zinthu ziwiri. Choyamba, Chichewa chili ndi muyeso wake wa munthu, wolongosoka ndi wotheka kuufufuza. Chachiwiri, muyesowo uli m'kamwa mwa anthu amene amakhala ndi woyezedwayo. Palibe amene anaganiza zofunsa mwana kuti kodi ndiwe wokhulupirika, chifukwa yankho la funso limenelo lili ndi amene amamutuma.

Chimodzimodzi ndi kukula kwa vuto la khalidwe la munthu wamkulu. Mudzi umaliyeza poona kutalika kwa ulendo umene nkhani zake zimayenda. Pali munthu amene zake zimathera m'nyumba, ndipo anthu amangoti ali ndi kakhalidwe kake. Pali amene zake zimafika kwa ankhoswe ndi kwa alangizi, ndipo amatchedwa wovuta. Pali amene mwinimbumba watopa naye ndipo dzina lake silichoka pa bwalo la nyakwawa, ameneyo amati alibe khalidwe. Pomaliza pali amene anthu amati si munthu, n'chilombo. Makwerero amenewa amayeza kuchuluka kwa maubale amene aonongeka ndi kukula kwa choipa chimene chachitika.

6.0 Mafunso odziyankhira afika m'zipatala zathu

Mafunso odziyankhira amene anafala kwambiri m'zipatala za ku Africa ndi a Self-Reporting Questionnaire, mwachidule SRQ, amene T. W. Harding ndi anzake anawafotokoza m'chaka cha 1980 atawayesa ku Colombia, India, Sudan ndi Philippines. Mafunso 20 amafunsa za kuvutika maganizo, monga kusowa tulo, mutu, mantha ndi kulira, ndipo poyamba panali ena anayi ofunsa za misala. Limodzi mwa anayiwo linkafunsa ngati pali wina amene akufuna kumuchita choipa woyankhayo. Aliyense wodziwa moyo wa m'midzi imene Marwick anailemba angaone kuti munthu wabwinobwino akhoza kuyankha kuti inde. Ku Ethiopia, Frank Kortmann anaonetsa mu 1990 kuti mayankho ambiri a inde pa SRQ ya m'Chiamhariki ankatanthauza zosiyana ndi zimene olemba mafunsowo ankafuna.

Ku Zimbabwe, Vikram Patel ndi anzake anatsata njira ina. Anasonkhanitsa mawu amene odwala eni ake ankanena kwa anamwino ndi kwa asing'anga, ndipo mu 1997 anatulutsa mafunso 14 a Shona Symptom Questionnaire, mmene muli mawu akuti kufungisisa, ofanana ndi kuganiza kwambiri kwa m'Chichewa. Ku Malawi, Robert Stewart ndi anzake anamasulira SRQ m'Chichewa naiyesa pa amayi a ana aang'ono ku Thyolo, poyerekeza mayankho awo ndi zimene katswiri anapeza pocheza nawo, ndipo anasindikiza zotsatira mu 2009. Ku Zambia, Peter Chipimo ndi Knut Fylkesnes anayesa SRQ m'zipatala zing'onozing'ono za ku Lusaka mu kafukufuku wosindikizidwa mu 2010.

Ntchito zonsezi zimayeza kuvutika maganizo kwa masabata ochepa apitawo. Kunena kuti sindigona tulo kapena mtima umandithamanga sikuchotsa ulemu wa munthu. Mafunso a khalidwe amapempha chinthu cholemera kuposa pamenepa, chifukwa amafuna kuti munthu anene kuti iye ndi wotani.

7.0 Kuchoka pa mitundu kufika pa kukula kwa vuto

M'chaka cha 1996 Peter Tyrer ndi Tony Johnson anapereka njira yosanjira mavuto a khalidwe potsata kukula kwake. Buku la DSM-5 la 2013 linasunga mitundu khumi ija, koma m'gawo lake lachitatu linaikamo muyeso wa makwerero asanu, kuyambira 0 mpaka 4, woona zinthu zinayi: kudzidziwa, kudziwongolera, kumvetsa za mumtima mwa ena, ndi kutha kukhala pa ubale wapamtima. Gulu limene Tyrer analitsogolera linapitirira pamenepa, ndipo msonkhano waukulu wa World Health Organization unavomereza ICD-11 mu Meyi 2019. M'bukuli vuto lochepa limakhudza mbali zina zokha za moyo ndipo maubale ena amakhalabe, lapakati limakhudza mbali zambiri, pamene lalikulu limaononga pafupifupi maubale onse ndipo kawirikawiri limadza ndi kudzipweteka kapena kupweteka ena.

Mafunso oyezera kukulaku anatsatira. Ku Netherlands, Roel Verheul ndi anzake anatulutsa SIPP-118 mu 2008, ndipo Joost Hutsebaut ndi anzake anatulutsa mafunso 12 okha a LPFS-BF mu 2016. Ku America, Leslie Morey anatulutsa mafunso 80 a LPFS-SR mu 2017. Ku England kunatuluka mafunso 9 a SASPD mu 2018. M'chaka cha 2021 Bo Bach wa ku Denmark ndi anzake anatulutsa mafunso 14 a PDS-ICD-11, amene anayesedwa poyamba ku United States ndi ku New Zealand. Pa mafunso khumi oyamba a PDS-ICD-11 yankho la munthu wabwinobwino lili pakati, ndipo mbali zonse ziwiri ndi za vuto: kudziona wachabechabe ndi vuto, kudziona woposa onse ndi vutonso.

Tikayerekeza makwerero a ICD-11 ndi a m'mudzi amene tawafotokoza m'gawo 5.0, kufanana kwake n'koonekeratu. Onse akuwerenga maubale oonongeka ndi choipa chochitika. Mwambi wakuti kali kokha n'kanyama, tili tiwiri n'tianthu ukunena zimene madotolo anazifikira mu 2019. Chosiyana ndi mboni imene yaitanidwa.

8.0 Mavuto amene womasulira adzakumana nawo

8.1 Mphatikiri -dzi-

Theka la muyesowu limafunsa za mmene munthu amadzionera, motero womasulira adzagwira mphatikiri wa kudzichitira, -dzi-. Koma aneni ambiri a Chichewa okhala ndi mphatikiriyu ali kale ndi chiweruzo. Kudzikonda ndi umbombo, kudzimva ndi kunyada, kudzitama, kudzikweza ndi kudzikuza ndi zonyansa pamaso pa anthu. Mbali inayi, kudzichepetsa, kudziletsa ndi kudzisunga ndi zimene alangizi amaphunzitsa namwali. Funso lofuna kudziwa ngati munthu amadziona kuti ndi wofunika, likamasuliridwa ndi kudzimva kapena kudzikonda, munthu wolongosoka adzalikana, ndipo pepala lidzamuwerenga ngati wodziderera. Aneni monga kudzidalira ndi kudzikayikira ndi opepukirapo, koma nawonso ayenera kuyesedwa pa anthu asanalembedwe.

8.2 Mneni kumva

Mneni kumva amanyamula kumva kwa khutu, kumva kwa thupi, kuzindikira ndi kumvera. Funso lofufuza ngati munthu amazindikira za mumtima mwa anzake likalembedwa kuti kodi mumamva za ena, lidzamveka ngati likufunsa za kumvera malangizo, kapenanso za kumvera mabodza. Kumvetsa, kumvera ndi kumvera chisoni ndi zinthu zitatu zosiyana, ndipo wankhanza wochenjera akhoza kumvetsa bwino mnzake popanda kumumvera chisoni.

8.3 Nthawi ya mneni ndi makwerero

Apa Chichewa chimathandiza womasulira. Mphatikiri -ma- amasonyeza chizolowezi, kotero kuti ndimakwiya ndi zosiyana ndi ndakwiya kapena ndikukwiya, ndipo kukhazikika kwa zaka ziwiri kumene ICD-11 imafuna kumalowa bwino mu -ma-. Vuto lili pa makwerero a mayankho. Mawu akuti pang'ono kawirikawiri ndi mawu aulemu ochepetsera chinthu chachikulu. Wodwala wogonekedwa m'chipatala akafunsidwa mmene wadzukira amayankha kuti pang'ono, ndipo aliyense amadziwa kuti sali bwino. Amene adzapatse pang'ono nambala 1 ndi kwambiri nambala 3 ayenera kuyamba watsimikiza kuti mtunda wa pakati pa mawuwa ndi umene akuuganizira.

8.4 Chichewa cha m'malire

Ku Vubwi kumakumana Chichewa cha m'midzi, Chinyanja cha m'matauni a Zambia chimene achinyamata ndi antchito a boma amabwera nacho, ndi Chichewa cha ku Malawi chodzera pa wailesi, m'misika ndi m'maukwati a ku Mchinji. Ku Lusaka wofunta ndi wamisala, pamene kwa anthu ambiri a ku Malawi mwana wofuntha ndi mwana wosamva chabe. Motero pepala loyesedwa ku Thyolo kapena ku Lusaka silingatengedwe ngati layesedwa kale ku Vubwi kapena ku Sinda.

8.5 Wofunsa ndi womvetsera

Dzina lakuti mafunso odziyankhira limatipatsa chithunzi cha munthu ali yekha ndi pensulo. Buku lolangiza za SRQ la 1994 linavomereza kuti kumene anthu ambiri sawerenga, wantchito wa zaumoyo aziwerengera wodwala mafunsowo. Pamenepo pepala lasanduka kucheza, ndipo malamulo onse a ulemu ayamba kugwira ntchito. Namwino wachitsikana akufunsa agogo ngati amayambana ndi anthu, mkamwini akuyankha mlamu wake ali pambali, mayi akufunsidwa ngati amakonda kukhala yekha m'mudzi mmene wodzipatula amakayikiridwa. Kumasulira mawu kupita m'Chichewa ndi kuwabwezanso m'Chingerezi, njira imene Richard Brislin anaifotokoza mu 1970, kumagwira zolakwika za mawu koma sikuona amene ali m'chipindamo.

9.0 Kodi mawu a mudzi ndi okwanira?

Wina angaganize kuti popeza mudzi uli ndi muyeso wake, pepala n'losafunika. Maganizo amenewa ali ndi ngozi yake. Mudzi umaona msanga munthu wovutitsa ena, koma suona wovutika mwakachetechete, amene amadzida, amadzipweteka mobisa kapena amaganiza zodzipha. Mudzi umalakwanso: mkazi wokana nkhanza za mwamuna akhoza kutchedwa wamwano, ndipo mkamwini wosagonja kwa eni mudzi akhoza kutchedwa wovuta. Mtima wa mnzako ndi tsidya lina, ndipo pali zinthu zimene mwiniwake yekha ndiye angaziolotse. Kwa anthu amene mu nthawi ya Carothers sankafunsidwa kanthu, kupatsidwa mpata wodzinenera ndi chinthu chamtengo wapatali.

Ngakhale kumene mafunsowa anabadwira, mboni imodzi siikwanira. M'chaka cha 2002 E. David Klonsky, Thomas Oltmanns ndi Eric Turkheimer anaunika kafukufuku wambiri woyerekeza zimene munthu amanena za khalidwe lake ndi zimene omudziwa amanena, ndipo anapeza kuti mbali ziwirizi zimagwirizana pang'ono chabe. Ofufuza a ku South Africa a ntchito ya South African Personality Inventory anayamba ndi kufunsa olankhula zilankhulo 11 za dzikolo kuti afotokoze anthu amene amawadziwa bwino, ndipo zotsatira zosindikizidwa mu 2012 zinaonetsa kuti mawu onena za kukhalirana ndi anthu anali ndi malo aakulu kuposa amene mayeso a ku Ulaya amawapatsa. Njira yawoyi ndi yomwe Serpell anaitsata ku Katete zaka pafupifupi 40 m'mbuyo mwake.

10.0 Mawu otsiriza

Mbiri imene tailondolozayi ikusonyeza ntchito zinayi zimene zili m'manja mwa ofufuza zilankhulo. Yoyamba ndi kusonkhanitsa mawu ofotokoza khalidwe monga amanenedwera pa mabwalo a milandu, pa zinamwali ndi m'nyumba za ku Vubwi, Katete ndi Sinda, pamodzi ndi makwerero ake, ntchito imene aphunzitsi a Chinyanja m'masukulu a m'maderawa angaithandize kwambiri. Yachiwiri ndi kuyesa funso lililonse lomasuliridwa popempha woyankha kuti alibwereze m'mawu ake ndi kupereka chitsanzo, monga Kortmann anachitira. Yachitatu ndi kukonza mapepala awiri, la mwiniwake ndi la munthu womudziwa amene mwiniwakeyo wamusankha, ndipo lililonse liyankhidwe winayo palibe. Yachinayi ndi kupeza dzina la vutoli limene namwino angalitchule pamaso pa wodwala popanda kumutukwana.

Ntchito yachinayi ndiyo yovuta koposa, ndipo ndiyo yofunika kuyamba. Mawu akuti moral imbecile analembedwa m'lamulo mu 1949 ndipo panapita zaka 68 bwalo lisanawakane. Mawu amene adzasankhidwe m'Chichewa adzalembedwa m'mabuku a zipatala, adzaphunzitsidwa kwa anamwino, ndipo adzatuluka pa chipata cha chipatala kupita kumudzi pamodzi ndi wodwalayo. Ngati madipatimenti a zilankhulo sadzatengapo mbali, mawuwo adzasankhidwa mothamanga ndi womasulira wolembedwa ganyu ya sabata imodzi, ndipo anthu a ku Vubwi ndiwo adzakhale nawo.